Mwendo wa a Benson Ndinauswa Ndine

Kalingalinga,
Lusaka.
9 Disembala 2024

Okondedwa Amai,

Landirani moni wanga, inu ndi onse a kwathu ku Mwape. Kodi muli bwanji? Nanga msana uja ukukulolani kugona pa simenti ya kuchipatala? Ndawerenga kuti yakwana milungu isanu muli ku Petauke kudwazika alongo anga a Benson, ndipo sindikudziwa kuti mukudya chiyani kumeneko. Ine kuno thupi lili bwino. Mtima ndiwo suli bwino, n'chifukwa chake ndalemba kalata m'malo moimba foni. Pafoni ndimathamangira kunena zimene mukufuna kumva.

Kalatayi ndaitumiza kwa amalume a Webster kuti akuwerengereni. Amalume, werengani pang'onopang'ono, ndipo musadumphe ngakhale pamene pakuipirani.

Za kuno n'zomwe mumazimva. Mvula yagwa katatu, yongolaza fumbi. Malaiti amabwera maola asanu kapena asanu ndi awiri patsiku, tsiku lina osabwera n'komwe, moti m'Kalingalinga muno tonse tabwerera ku mbaula, ndi a matayi omwe. Madzi timakatunga kwa aneba amene ali ndi thanki. Amai amene ndimachita lendi kwawo akuti ndaonda, ndipo atsimikiza okha kuti ndi nkhani ya mwamuna. Ndikanakonda ikanakhala imeneyo.

Nkhani yake ndi ya alamu anga a Olipa. Munawachotsa pakhomo ponena kuti ndiwo anaononga mwendo wopanga umene ndinatumizira a Benson, mpaka amuna awo kugwa n'kuvulalanso. Amai, a Olipa alibe mlandu. Mwendo uja ndinauswa ndine, ndili kuno ku Lusaka, usanakwere n'komwe basi.

Ndiyambe poyambira kuti mumvetse. Ngolo ija itawagwera a Benson mu Malichi, madokotala n'kudula mwendo m'munsi mwa bondo, ine ndinali kutali ndipo sindinathandize kalikonse. Amene ankawasambitsa ndi kuwanyamula ndi a Olipa. Nditabwera mu Ogasiti ndinafuna kulipira kusowa kwangako ndi pakamwa. Ndinayeza mwendowo ndi pulasitala, ndipo ndinalankhula mokweza pabwalo kuti kuntchito kwathu timapanga miyendo, alongo anga adzalima chaka chino chomwe. Munandiyang'ana monyadira tsiku limenelo, ine n'kuyamba kudzimva.

Simunaionepo ntchito yanga, ndiye ndifotokoze. Mwendo wopanga uli ndi zigawo zitatu: phazi, kachitsulo kolowa m'malo mwa msongolo, ndi chikho chimene munthu amalowetsamo potsala pa mwendo wake. Phazi ndi chitsulo timagula zopangiratu. Chathu ndi chikho, chifukwa munthu aliyense ali ndi muyeso wake. Timachipanga ndi makina otchedwa pulinta. Makinawo amasungunula ulusi wa pulasitiki n'kumautulutsa pa kamlomo kakang'ono, kuzungulira, mzere pamwamba pa mzere, mpaka chinthu chitaima. N'chimodzimodzi mmene mumaumbira mtsuko, kupota dongo n'kumasanjika. Munandiphunzitsa ndili wamng'ono kuti dongo la pamwamba likapeza la pansi litauma, mtsukowo udzalekana pomwepo tsiku lina uli pamutu. Ku pulasitiki lamulo ndi lomwelo.

Koma pulinta ilibe nzeru zake. Imachita zimene yauzidwa ndi pulogalamu ya pakompyuta imene timaitcha silaisa. Mu silaisa ndimo munthu amasankha zonse. Mzere uliwonse unenepe bwanji, khoma la chikho lizungulire kangati, mkati mwa khomalo mudzaze kapena mukhale timphako ngati chisa cha njuchi, kamlomo katenthe kufika pati, kathamange bwanji, ndiponso kafani koziziritsa kaombe mwamphamvu bwanji. Ukasankha, imakuuza pakona kuti ntchitoyo itenga maola angati. Ntchito yanga yeniyeni ndi imeneyo, kukhala pampando n'kumasintha manambala. Munkaseka kuti ndinapita ku koleji kukaphunzira kukhala pansi, ndipo simunalakwitse kwenikweni.

Abwana anga a Chomba, a ku Kasama aja ndinakuuzani, ali ndi manambala awo a zikho za miyendo amene anawapeza atayesa zaka zambiri. Anawalemba papepala n'kumata pakhoma, pamwamba pa kompyuta. Ali ndi malamulo awirinso. Chikho chisatuluke chisanapanikizidwe pa makina oyesera kulemera, ndipo chisapite kwa mwini wake popanda mmodzi wa ife wokamuveka. Malamulo onsewa ndimawadziwa pamtima, ndipo ndakhala ndikuwaphunzitsa kwa ena.

Mu Okutobala amalume anabwera kuno kudzaona za mapepala awo a penshoni, ndipo anati abwerera Lachisanu. A Chomba anali kumaliro kwawo. Ndinaona kuti mwayi ndi womwewu, mwendo ufike mvula isanagwe monga ndinalonjezera. Lachitatu ndinaika muyeso wa a Benson mu silaisa ndi manambala a pakhoma aja, ndipo inandiuza kuti ntchitoyo itenga maola makumi awiri ndi awiri. Malaiti pamodzi ndi mabatire a sola amatifikitsa maola khumi akakomera mtima, ndipo pulinta ikazimira pakati, chikho chonse n'chotaya. Chiyambire vuto la malaitili zikho timazipanga ndi jenereta, koma kiyi wa kachipinda kake a Chomba anapita naye kumaliro.

Munthu wanzeru akanawauza amalume kuti apite chimanjamanja. Ine ndinayamba kudula manambala.

Makoma asanu ndi atatu ndinawasandutsa atatu, maola n'kutsika kufika khumi ndi asanu ndi limodzi. Mkati, mmene a Chomba amadzaza kupitirira theka, ndinangosiyamo timizere toonda. Anatsikanso. Mizere ndinainenepetsa kawiri, liwiro n'kuliwirikiza. Kafani ndinakatsegula konse kuti pulasitiki aziuma msanga, asamagwere m'mbali pothamangapo. Kutentha kwa kamlomo sindinakukhudze, chifukwa sikusintha maola, ndipo maso anga anali pa maola basi. Silaisa itaonetsa maola asanu ndi anayi ndi theka, ndinaomba m'manja ndekhandekha m'chipinda muja.

Chinatuluka chokongola, Amai, inunso munachiona. Chosalala, chopepuka, chopanda banga. Ndinachifinya ndi manja awiri, sichinalire. Koma pa makina oyesera sindinachiike. Ndinadziuza kuti nthawi palibe, pamene zoona zake ndinkaopa zimene makinawo akanandiuza. Ndinamanga chitsulo ndi phazi, ndinakulunga m'chitenje, n'kuikamo kapepala ka malangizo konena kuti chisayandikire moto ndipo chisatsukidwe ndi madzi owira. Kapepala kameneka timaika mwa aliyense. Sindinadziwe kuti kadzakhala mboni yomangira munthu.

Milungu itatu yotsatira ndinkayenda mapewa m'mwamba. Amalume ananditumizira kavidiyo ka a Benson akuyenda kupita kudimba opanda ndodo, akuseka, ana akuwathamangira pambuyo. Ndinakaonetsa kwa aliyense, ndi kwa a Chomba omwe atabwerako. Anandidzudzula chifukwa chotumiza popanda womuveka, koma za manambala sanafunse, poti ankandikhulupirira. Ine ndinawabisira.

Za tsiku la ngozi mukuzidziwa kuposa ine. Ndinangomva kuti ankachokera pachitsime cha kudimba ndi makeni awiri othirira odzaza madzi, chikho n'kuduka pakati, m'mphepete mwake n'kung'amba chipsera chonse. Ndinamvanso kuti amene anamanga balalo ndi chitenje chawo n'kuwakankha panjinga mpaka kumsewu ndi a Olipa. Zimenezi pabwalo pogamula mlandu wawo palibe anazikumbukira.

Madzulo ake munandiimbira foni. Munati pali amene anaona a Olipa akutsuka chikhocho ndi madzi ofunda n'kuchiyanika pathandala padzuwa, ndipo munandifunsa ngati kutentha kungaswe pulasitiki. Ndinati inde. Liwu limodzi lokha. Sindinaname, pakuti moto umaonongadi pulasitiki, koma ndinkadziwa bwino chimene mukufunsa, ndipo ndinkadziwa manambala amene ndinadula. Nditadula foni ndinapuma ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Pa zonse zimene ndachita, kupuma kumeneko ndiko kumandinyansa kwambiri.

Inde wangayo munamutengera pabwalo. Ndamva mmene zinayendera. Kapepala kanga kanawerengedwa pamaso pa anthu, wina n'kunena kuti mkazi watopa ndi mwamuna wa mwendo umodzi, ena n'kuvomereza. A Olipa ankati madziwo anali ofunda ngati osambitsira khanda, koma ndani akanawamvera pamene wophunzira wa ku Lusaka wanena kale? Inu munatulutsa mapoto awo ndi zovala zawo panja, iwo n'kunyamula ana kupita kwawo ku Nyampande. A Benson anali ku Nyimba kuchipatala, thupi likutentha, asanawatumize ku Petauke. Amalume akuti atauzidwa anangotembenukira kukhoma, ndipo mpaka lero dzina la akazi awo salitchula.

Ndamvanso kuti a Olipa amapalasa njinga kuchokera ku Nyampande kawiri pamlungu ndi chakudya, inu n'kumawabweza pageti. Sindikukuimbani mlandu. Mayi aliyense akanatero atauzidwa zimene ine ndinakuuzani.

Patapita masiku amalume ananditumizira chikho choswekacho pa basi, akuti ndidzionere ndekha ntchito za alamu anga. Nditamasula thumba ndinangokhala pansi. Pulasitiki amene waonongeka ndi kutentha amapindika, amafota, amanyezimira. Uyu anaduka mowongoka, mozungulira, ngati wina wangovundukula chivundikiro. Ndinalowetsa chikhadabo pakati pa mizere, ndipo inkasendeka umodziumodzi. Ndinachibisa pansi pa bedi mlungu wathunthu.

Kenako ndinayamba kuyesa. Ndinene zoona, sindinayambe kuti ndiyeretse a Olipa. Ndinayamba kuti ndidziyeretse ndekha. Ndinkati mwina dzuwa la ku Mwape, limene limapsereza ndi miyala yomwe, linathandizako, tigawane mlanduwo pakati.

Ndinkapanga timphete ta pulasitiki totambalala ngati chikho cha a Benson, totalika zala zinayi, kuti kamodzi kazitha malaiti asanapite. Pa kalikonse ndinkasintha chinthu chimodzi chokha mu silaisa, chifukwa ukasintha ziwiri sudziwa chimene chakupha. Kena makoma atatu, zina zonse za a Chomba. Kena mkati mwa mphako. Kena mizere yonenepa. Kena liwiro lokha, kena kafani kokha. Ndinapanganso ta manambala a pakhoma osasintha kalikonse, ndi ta manambala anga onse a mu Okutobala. Kalikonse ndinkakalemba nambala ndi peni. Tonse pamodzi tinakwana khumi ndi tisanu ndi tinayi, ndipo ntchitoyi inandidyera milungu itatu, kudikira malaiti ngati mlimi wodikira mvula. Anzanga ankaganiza kuti ndikuchita changu kuti andikweze.

Pafupifupi theka la timpheteto ndinatiika padenga la malata masiku asanu, pamene dzanja silingakhudze masana. M'mawa uliwonse ndinkatithira madzi otentha kuposa amene a Olipa akanatha kuviikamo manja. Ndinatizunza dala, Amai, ndikupemphera kuti tisweke.

Kenako ndinatiika pa makina oyesera kamodzikamodzi. Ta manambala a a Chomba tinapirira mpaka makinawo anafika pothera, kupitirira makilogalamu mazana awiri, ta padzuwa ndi ta pamthunzi chimodzimodzi. Ta makoma atatu tinafooka. Ta mkati mwa mphako tinafookanso, koma tinkayamba talira ndi kupindika, moti munthu akanachenjera. Ta manambala anga onse tinkaduka mwadzidzidzi, phwa, pa makilogalamu 80, ngakhale kamene sikanaonepo dzuwa. A Benson ndi makeni awiri odzaza amapitirira pamenepo. Chodabwitsa si chakuti chikho chinaduka, koma kuti chinatha milungu itatu.

Chimene chinapha kwenikweni ndi liwiro pamodzi ndi kafani. Ndinauza makina kuti atulutse pulasitiki wambiri mothamanga, koma moto wa kamlomo ndinausiya pomwe unali. Pulasitikiyo ankatuluka asanasungunuke bwino, n'kugwera pa mzere umene kafani kauziziritsa kale. Mizereyo inkangogonerana, osagwirana. Kunja sizioneka, koma nditayang'ana poduka ndi galasi lokuza ndinaona timipata mzere uliwonse. Ndi mtsuko wanu uja wa dongo louma, ndipo amene anauumba ndi mwana wa woumba.

Sindinalekere pomwepo, chifukwa ndinasowa china chochita ndi manja anga. Ndinakweza moto pang'onopang'ono, madigiri asanuasanu, mpaka ndinapeza pamene mizere yonenepa imagwirana popanda pulasitiki kuyenderera. Kafani ndinakatsitsa kufika gawo limodzi mwa atatu. Liwiro ndinalibweza m'mbuyo. Makoma ndinawasiya asanu ndi atatu, ndipo pansi, pamene pamamangidwa chitsulo, ndinadzaza kotheratu. Zinatuluka kuti chikho chingathe kutha maola khumi ndi anayi chili cholimba ngati cha maola makumi awiri ndi awiri. Njira inalipo yochepetsera nthawi popanda kupha munthu, kungoti inkafuna milungu itatu, pamene ine ndinaipatsa theka la ola. Amati mfulumira adadya gaga, koma kwathu gaga wanga adya ndi a Benson ndi akazi awo.

Lolemba lapitalo ndinayala timphete tonse patebulo la a Chomba pamodzi ndi chikho choswekacho, n'kuwauza zonse. Anatenga nthawi akutembenuza chidutswacho. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anandifunsa ngati ndikanachita zomwezo kwa mlendo wobwera ndi kalata ya kuchipatala. Ndinati ayi. Anati ndiye kuti ndinaona ngati malamulo ndi a alendo, abale amayendera chikondi, pamene pulasitiki sadziwa kuti uyu ndi mlongo wa ndani. Andichotsa pa ntchito ya miyendo. Pano ndikupanga timiphika ta maluwa ndi zoikapo mafoni, ndipo za ine akuti adzakambirana ndi akuluakulu a bungwe lathu mu Januwale. Ntchito ingathe kutha, ndipo ndilibe pakamwa podandaulira.

Manambala anga atsopano anawayesa okha kawiri, n'kuwamata pakhoma m'malo mwa akale. Anandilolanso kupanga chikho chimodzi cha a Benson iwo ataima pambuyo panga, jenereta ikulira. Chinapirira makina onse. Sindinapangepo chinthu chabwino ngati chimenechi.

Chili pashelefu. Tsiku lomwe chinatha ndi limene amalume anaimba kuti bala silikutseka, likutuluka mafinya, ndipo madokotala akuti likapanda kusintha adula pamwamba pa bondo. Zikatero chikho changa chabwinocho sichidzalowa munthu aliyense padziko pano, chifukwa muyeso wake ndi wa mwendo umene sudzakhalaponso. Bondo ife sitipanga. Ndinawatenga alongo anga ali ndi bondo lawo ndi ndodo ziwiri, akuchira, ndipo onani pamene ndawafikitsa. Ndalira, Amai, koma kulira kwanga sikuthandiza aliyense.

Lachinayi ndinapeza nambala ya amalume awo a Olipa, a Mumba a ku Nyampande, ndipo ndinapempha kulankhula ndi alamu anga. Ndinawauza zonse monga ndakuuzirani inu. Ndinkadikira kutukwanidwa, ndipo ndinali nditakonzeka. Iwo anangofunsa ngati a Benson akudya, chifukwa akadwala amakana nyemba ndipo amafuna ndiwo zotendera. Anatinso mwana wawo wamkulu wasiya kupita kusukulu chifukwa anzake akumuimba kuti amake ndi othyola mwamuna. Ndinati pepani. Anati amva.

Kenako a Mumba anatenga foni. Ndi munthu wolankhula mofatsa, koma mawu awo anali olemera. Anati mwana wawo sanachoke ku Mwape mwakachetechete, anachititsidwa manyazi masana, anthu akuona, mapoto ake ali m'fumbi. Anati munthu wotere sabwerera chifukwa cha pepani wa pafoni wochokera ku Lusaka, poti pepani sapoletsa chilonda. Amene anatulutsa mapoto ndiye afike ku Nyampande ndi ankhoswe, anene pamaso pa anthu kuti analakwitsa, ndipo akanenenso chimodzimodzi pabwalo la ku Mwape pamene mlandu unagamulidwa. Anati adikira mokwanira. Khirisimasi ikadutsa popanda wobwera, aitana ankhoswe a mbali zonse kuti ukwati uthe, ndipo a Olipa asiya kupalasa njinga kupita kukabwezedwa pageti.

Pempho langa ndi limeneli, Amai, ndipo ndi limodzi lokha. Tipite ku Nyampande.

Ndikudziwa chimene ndikukupemphani. Chimwalirire atate simunagwadirepo munthu. Munatilera ndi dongo ndi khasu, ndipo ngakhale chaka cha njala simunapite kukapempha pakhomo pa wina. Tsopano mukagwade pamaso pa anthu a mudzi wa eni, kwa mpongozi wanu wamng'ono, chifukwa cha manambala amene simunawaonepo ndi liwu limodzi limene mwana wanu anakuuzani pafoni. Ndikanatha kugwada m'malo mwanu ndikanatero kakhumi. Ndinawafunsa a Mumba ngati ine ndingakwanire, popeza mwini mlandu ndine. Anati ndibwere ndithu, koma ine sindinatulutse poto wa munthu.

Ndapempha masiku kuntchito. Ndikwera basi ya m'mamawa Lachisanu pa 20, nditsikira pa Petauke. Ndibwera ndi chikho choswekacho ndi timphete tonse, kuti amene akufuna asende yekha ndi chikhadabo chake aone. Ku Nyampande ndidzayamba kulankhula ndine, ndi ku Mwape komwe. Dzina limene a Olipa analisenza milungu isanu ndidzalitenga pamaso pa anthu omwewo. Inu mudzangonena zanu pambuyo panga. Mukafuna kundikalipira, tili ndi msewu wonse wopita kumeneko, ndipo sindidzayankha.

A Benson ndidzawauza ndekha zimene ndinachita, ndikuwayang'ana m'maso, chifukwa si nkhani yotuma munthu. Koma musadikire ine kuti muwauze kuti akazi awo alibe mlandu. Auzeni lero lomwe mwamva kalatayi. Sitikudziwa tsiku limene madokotala asankhe, ndipo sindikufuna kuti alongo anga akalowe m'chipinda cha opaleshoni akukhulupirira kuti munthu amene anawakankha panjinga ndiye anafuna kuwapha.

Moni kwa amalume amene mukuwerenganu. Pepani kuti ndinakunyamulitsani chinthu chotere pamiyendo panu kuchokera ku Lusaka mpaka ku Nyimba, inu mukuchiteteza kuti chisagundike. Moni kwa azakhali, kwa amai aang'ono ndi ana awo, ndi kwa asuweni amene akutithirira dimba la a Benson. Moni kwa alongo anga, ngati angaulandire. Kwa alamu anga ndi adzukulu anu sinditumiza moni m'kalata ino, chifukwa pakhomo pathu palibe amene angawapatsire. Umenewo tikaupereke tokha pakamwa.

Mulungu akusungeni mpaka tionane pa siteshoni. Mukapanda kubwera kudzandichingamira ndidzamvetsa, ndipo ndidzakupezani kuchipatala.

Ndine mwana wanu, ngati mukundilolabe,
Lillian